Tsiku Limene Ndinaba Ketulo ya Latyr Ngom

Latyr Ngom ali ndi nsapato ziwiri ngati munthu wina aliyense, koma yakumanzere siitha. Yakumanja amaisoketsa kawiri pachaka. Inayo imangonyezimira, chifukwa theka la tsiku imakhala pansi, pambali pa galimoto ya eni, iye ali m'kati akuponda kilatchi ndi phazi lopanda kanthu. Amati nsapato ndi yabodza, koma phazi lake silinanamepo. Mukamubweretsera galimoto yovuta magiya safuna kumva zambiri. Amavula, n'kuponda katatu atatsinzina, n'kukuuzani kuti ndi waya, kapena mbale ya kilatchi yatha, kapena vuto ndinu eni ake amene mumagoneka phazi pa pedulo ngati muli pampando wa kometetsa. Mu Thiès monse amamutcha Pa Latyr. Ine ndimamutcha kapolo wanga.

Musadabwe. Iye ndi Mserere, ine ndine Mjola, dzina langa Famara Sambou, ndipo mitundu yathu iwiriyi ndi yapachisuwani. Tinabadwira kunyozana. Ndikhoza kulowa m'nyumba mwake, kumulanda nsomba m'mbale, kumutchula mbava pamaso pa apongozi ake, ndipo mwambo sumulola kukwiya. Nayenso sandisiya. Amati Mjola ukamuchotsera mpunga chimatsala ndi chipewa chokha. Takhala choncho zaka makumi anayi, ndipo kunena zoona ndilibe mnzanga wina woposa iyeyu.

Pamkono wake wamanja pali chipsera chachikulu. Anachipeza ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atangochoka kwawo ku Fatick kudzaphunzira umakaniko. Basi ina inafika pagalaja ikufuka, iye ndi phuma lake anathamangira kukatsegula chivindikiro cha redieta, madzi owira n'kumusenda khungu. Abwana ake sanamupepese. Anamukhazika pansi n'kumupatsa lamulo limene wakalamba nalo: galimoto yotentha ili ngati munthu wokwiya, suifunsa mlandu mtima usanatsike. Ikafika, yamba wateleka ataya, tiyi wathu wa kuno. Ukamwa tambula yachitatu ndiye uiyandikire.

Tsono ataya wa Latyr si wamasewera. Aliyense kuno amadziwa kuti tiyi ameneyu amamwedwa maulendo atatu, woyamba wowawa, womaliza wotsekemera, ndipo kunyamuka ali pakati n'chipongwe. Koma anthu anzeru zawo amamaliza zonse mu theka la ola. Latyr ayi. Amakupiza makala mwaulesi, n'kumatsanulira tiyiyo kuchokera m'mwamba, tambula iyi kupita tambula iyo, mpaka thovu litaima zala ziwiri. Thovu likaperewera amayambiranso. Ola lathunthu limatha anthu akumeza mate. Ketulo yake ndi yabuluu, yosupuka utoto, chogwirira anachimanga ndi waya, ndipo mkazi wake Daba amaitcha mkazi mnzake.

Mulungu anamupatsa ana anayi, onse aakazi. Wachitatu, Tening, anakulira pansi pa magalimoto. Anzake akuphunzira kusenza madzi iye ankasanja masipanala, ndipo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankabweza kumbuyo magalimoto a makasitomala atakhalira pilo kuti azioneka. Pano amayendetsa ambulansi m'kati mwa sabata. Ndakwerapo kamodzi nditathyoka mwendo, ndipo ndinafika kuchipatala nditaiwala za mwendowo.

Loweruka ndi Lamlungu tonse timakumana kubwalo la mpikisano wa magalimoto, kuja kwa milambe, mukamapita ku Mbour. Ine chipumireni ntchito ya njanji ndimagwira mbendera pa kona yachitatu. Latyr amasamala galimoto ya a Dokotala Wane, ozula mano. Ndi kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, kafupi ngati kakufuna kubisala. Adokotala anakagula ndi mtima wofuna kuthamanga okha, koma mimba inakana kulowa pakati pa mpando ndi chiwongolero. Ndiye anapereka makiyi kwa Tening, ngakhale anthu ankang'ung'udza kuti ali ndi mphwawo wamwamuna amene amangoyendayenda ndi chipewa cha mpikisano m'khwapa. Chaka choyamba Tening anatseka pakamwa aliyense.

Mavuto anayamba mvula itatha. Nthawi ya dzinja bwalo limatsekedwa, ndipo Latyr anagwiritsa ntchito miyezi imeneyo kuika ekizozi yatsopano, yopinda yekha ndi manja ake. Galimoto inapeza mawu okuya, iye n'kumayenda ngati wabala mwana wamwamuna. Koma tsiku loyamba lotsegulira bwalo, Tening atazungulira kasanu ndi katatu, anafika pakona yanga, n'kufuna kutsitsa giya. Ndinamva khrrr, kulira kwa mano a chitsulo. Anadutsa pang'onopang'ono n'kukalowa kumashedi kumene magalimoto amakonzedwera.

Zimene zinachitika kumeneko ndinaziona ndekha, chifukwa inali nthawi yopuma.

"Papa, pedulo yagwa," anatero Tening akuvula chipewa. "Yafika pansi osabwerera. Ndachita kuikoka ndi chala chaphazi."

"Ndamva, mwanangu. Khala pansi, upume."

"Pondani pompano, muone."

"Pompano? Ukufuna mkono winawu upsenso? Famara, iwe kapolo, sendeza makala."

Tinamwa. Adokotala anamwa, mphwawo anamwa, ndi ine ndinamwa, sindibisa. Itatha tambula yachitatu Latyr anapukuta milomo, anavula nsapato, analowa. Anaponda katatu atatsinzina. Pedulo inali yolimba bwinobwino, ikubwerera yokha ngati yatsopano. Anayang'ana pansi pa galimoto, palibe dontho. Anatsegula kabotolo ka mafuta a kilatchi, kali kodzaza. Anakaiyendetsa pamsewu mpaka ku Sindia ndi kubwerera, magiya akulowa osadandaula.

Sabata yotsatira zinabwerezanso chimodzimodzi: kasanu ndi katatu, khrrr, mashedi, ataya, pedulo yolimba. Latyr sanakhale manja lende, ayi. Anatsitsa giyabokosi, anasintha mbale imene inalibe mlandu, anasintha timalabala ta m'pampu, anathira mafuta ena kuchokera m'chitini chake chachikulu cha pagalaja. Sabata yachitatu, khrrr.

Apa pakamwa pa anthu panatseguka. Mphwake wa adokotala uja anayamba kufunsa mokweza, ngati akufunsa mphepo, kuti kodi n'chifukwa chiyani pedulo imeneyi imagwa pokhapokha anyamata a magalimoto akuluakulu akamufika kumbuyo. Wina anati galimoto ili ndi mantha a mwini wake. Ine ndinalumbira kuti ndimamva magiya akulira ndi makutu angawa, koma ndani angamvere Mjola amene wakhala zaka makumi anayi akunena zachipongwe? Anangoseka, amvekere, "Pa Famara, inu ndi mluzu wa sitima umene ukulirabe m'mutu mwanu."

Adokotala si munthu woipa, koma sakonda kusekedwa. Anaitana bambo ndi mwana n'kunena mosazungulira. "Pa Latyr, ine phazi lanu ndimalikhulupirira. Mwati galimoto ilibe vuto. Ndiye Loweruka likubwerali, poyeserera, mwana wathuyu akaimanso, Lamlungu pampikisano waukulu ayendetsa mphwanga. Sindikuthamangitsa munthu. Ndikungofuna galimoto yanga imalize."

Lachinayi masana ndili pakhonde, ambulansi inaima pakhomo panga. Mkazi wanga anatuluka akufuula, kuyesa ndafa osamuuza. Anali Tening. Anapereka moni wonse bwinobwino, kufunsa za thupi, za ana, za kumudzi, kenako anakhala pamkeka. Nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti maso ali ofiira.

"Tonton Famara," anayamba, monga ana amatchulira amalume kuno, "mukudziwa zimene andiuza Papa dzulo?"

"Mserere angakuuze chiyani chanzeru?"

Sanaseke. "Andiitana kuseri kwa galaja. Andigwira paphewa bwinobwino, amvekere, 'Mwanangu, mantha si manyazi. Ngati mtima wayamba kugunda, ndiuze ine bambo ako, tipeza chonena kwa anthu.' Tonton, kunditukwana kukanakhala bwino."

Zinandipweteka, ndikuuzeni. Ndimamudziwa Latyr. Ananena zimenezo chifukwa cha chikondi. Koma anali atayeza mwana wake ndi phazi lake, n'kusankha phazi.

"Iweyo ukuganiza kuti n'chiyani?" ndinamufunsa.

"Kutentha. Ikathamanga kwambiri, china chake chimapsa, pedulo n'kufa. Ikazizira imadzuka. Ola lija la ataya ndi limene limaichiritsa. Iwo amaponda galimoto yochira kale."

"Wawauza?"

"Ndinayesa. Anandifunsa kuti ndinayamba liti kuphunzitsa munthu amene anandigulira sipanala yoyamba. Ndipo pagulu ndinganene bwanji? Ndiwauze bambo anga, pamaso pa adokotala, kuti ikani tambula pansi? Mawu amenewo pakamwa panga satuluka." Anandiyang'ana cham'mbali. "Koma alipo munthu mmodzi padziko pano amene angawachite chipongwe iwo osakwiya."

Mwana ameneyu ndi wochenjera kuposa bambo ake, ngakhale zimenezo si zovuta. Nkhanga zinapangana kusanapse, ifenso tinapangana pamkeka pomwepo.

Loweruka m'mawa ndinafika kumashedi dzuwa lisanakwere. Latyr anali atagwada, akuyeza mpweya m'matayala. Ndinamupatsa moni, ndinamufunsa ngati Aserere ayamba kusamba, kenako ndinanyamula ketulo yabuluu pambaula n'kuiika m'khwapa.

"Ukupita nayo kuti imeneyo?"

"Katundu wa kapolo ndi wa mbuye wake."

"Famara, tenga nsapato. Tenga foni. Tenga Daba ngati ungamuthe. Ketulo ibwere."

"Ukaifuna ukaipeza pa kona yachitatu."

Anthu anafa nacho chiseko. Iye anaseka nawo, koma ndi mano okha. Kukwiya sakanatha, kundilanda sakanatha, mwambo unamumanga manja. Ndinayenda nayo ulendo wonse, n'kukaipachika pamwamba pa mtengo wa mbendera kuti aziiona ali kutali.

Ndinkadziwa kuti sapirira. Munthu wina anamubwereka ketulo yatsopano yonyezimira, iye anaiyang'ana ngati amupatsa mwana wa eni. Magalimoto atangoyamba kuzungulira ndinamuona akubwera m'mbali mwa mpanda, malaya akuuluka, akulankhula yekha. Kuchokera kumashedi kufika pakona yanga ndi ulendo ndithu kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Pamene ankafika, Tening anali atazungulira kasanu ndi kamodzi.

"Mbava iwe, wodya mpunga wopanda ndiwo! Tsitsa ketulo yanga."

"Khala pansi, upume," ndinamuuza ndi mawu ake omwe.

"Mwana wanga akalowa kumashedi apeza ndani?"

"Apeza adokotala. Amuzule dzino."

Kagalimoto kofiira kanadutsa kachisanu ndi chiwiri, kakubangula. Latyr anasiya kunditukwana n'kukatsatira ndi maso mpaka kuseri kwa mlambe. Ndinaganiza kuti bwanji lero pedulo ikapanda kugwa? Ndiye kuti ndaba ketulo pachabe, ndipo mwanayu asanduka wabodza kawiri. Moyo wanga wonse sindinapemphererepo galimoto kuti iwonongeke, koma tsiku limenelo ndinapemphera.

Kanatulukira. Tening anaponda mabuleki, anafuna giya. Khrrr.

Ndinakweza mbendera yachikasu. M'malo mokwawira kumashedi monga masiku onse, Tening anakhotetsera galimoto kunja kwa njira, n'kudzaiimika kuseri kwa mpanda wa matayala, mapazi asanu kuchokera pamene tinaima. Anatuluka, anasiya chitseko chotsegula, n'kuima pambali. Galimoto inali ikuthetheka, fungo la chitsulo chotentha lili guu.

Latyr anabwerera m'mbuyo. Dzanja lake linapita lokha pachipsera chija.

"Iziziretu kaye," anatero.

"Ndiye tikumwera chiyani podikira?" ndinamufunsa. "Ketulo ili m'mwambamo, ndipo sindiitsitsa mpaka utaponda. Sindikuti utsegule redieta, nkhalamba yamantha iwe. Ndikuti uvule nsapato."

"Abwana anga anandiphunzitsa kuti..."

"Abwana ako anamwalira akumwa tiyi. Ponda!"

Anayang'ana mwana wake. Tening anali atayang'ana pansi, chipewa chili m'manja, thukuta likutsika m'khosi. Sanapemphe. Ndikhulupirira kuti kusapemphako ndi kumene kunamugonjetsa. Anawerama, anavula nsapato yakumanzere, analowa. Anatsinzina monga mwa nthawi zonse, n'kuponda.

Phazi linangoti phwa, mpaka pansi, ngati waponda papaya lowola. Pedulo inakhala pomwepo osabwerera.

Anatsegula maso. Anaikoka ndi chala, anapondanso. Phwa. Sanapondenso kachitatu. Anakhala m'menemo, manja pachiwongolero, kwa nthawi imene inandionekera yaitali. Ine amene ndinali nditakonzeratu mawu khumi omunyoza, onse anandithawa.

Atatuluka anakulunga dzanja m'malaya n'kutsegula boneti yekha, kutentha kukumuwomba kumaso. Sanafufuze nthawi yaitali. Kapaipi kopita ndi mafuta ku kilatchi kanali katadutsa pafupi ndi ekizozi yake yatsopano ija, mpata wake chala chimodzi. Utoto wa pamenepo unali utapserera.

"Mafuta akuwira," anatero, ngati akudziuza yekha. "Akawira amasanduka mpweya, ndipo mpweya suponda kilatchi. Akazizira amabwerera. Komanso chitini chija ndachisunga dzinja lonse nditatseka ndi kansanza. Chamwa chinyezi. Mafuta amadzi sachedwa kuwira." Ananditembenukira. "Zaka zonsezi ndikuwiritsa madzi, Famara, ndalephera kuzindikira chinthu chowira."

Pamenepo n'kuti adokotala atafika pagalimoto yokoka zowonongeka, mphwawo ali pambuyo ndi chipewa chake m'khwapa, kale atayamba kumanga zingwe za magolovesi.

"Basi, Pa Latyr," anatero adokotala. "Tinapangana. Waimanso."

"Adokotala, musanalankhule, lowetsani mwendo. Mimba isiyeni kunja, mwendo wokha."

Adokotala anagwira denga, analowetsa mwendo, anaponda. Anatsala pang'ono kugwera m'kati. Mphwawo nayenso anaumirira kuti ayese, ndipo atayesa anayamba kuona zosangalatsa m'mitambo.

Latyr anaima pakati pathu, phazi limodzi lili ndi nsapato, linalo lili pafumbi. Analankhula mokweza kuti ndi a galimoto yokoka omwe amve. "Mwana wanga sananame ngakhale tsiku limodzi. Vutoli ndinaliika ndine ndi manja angawa, ndipo phazi langa limafika maliro atatha. Amene anamuseka abwere aseke ine." Kenako anatembenukira Tening, mawu n'kutsika. "Zija ndinakuuza kuseri kwa galaja."

"Zatha, Papa."

"Sizinathe. Ndazimeza ndine."

Masana onsewo anagwira ntchito limodzi, bambo ndi mwana, mitu ili m'boneti. Anasuntha kapaipi kaja kukadutsitsa kutali, anakaphimba ndi kachitsulo kotchinga moto, anakhetsa mafuta onse akale n'kuthira a m'botolo losatsegula. Tening ndiye ankaponda, Latyr ali pansi akutulutsa mpweya, akufuula, "Ponda! Gwira! Siya!" Chitini chachikulu chija anandipatsa ine, akuti ndikaphikire mpunga.

Lamlungu ndinawerenga ndi zala. Kasanu ndi katatu, anadutsa, giya n'kulowa mwakachetechete. Kakhumi. Makumi awiri. Ndinaiwala kuti wogwira mbendera sakhala ndi mbali, mpaka mkulu wa bwalo anandikalipira pawailesi kuti ndisiye kuvina. Tening anamaliza wachinayi mwa magalimoto khumi ndi asanu ndi awiri. Chikho sanatenge, koma makiyi ali nawobe mpaka lero.

Mpikisano utatha ndinabweza ketulo, nditaitsuka, chinthu chimene Latyr sanandikhululukirebe chifukwa akuti ndinachotsa kukoma kwa zaka makumi awiri. Anateleka, anakupiza, anatsanulira mpaka thovu litaima. Tambula yoyamba, yowawa ija, imayambira akuluakulu, ndipo adokotala anali atatambasula kale dzanja. Latyr anawadutsa. Anandidutsa inenso. Anakaima pamaso pa mwana wake n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Papa, pali akuluakulu," anatero Tening.

"Ndawaona. Imwa."

Lamulo la abwana ake sanalitaye. Kugalaja ku Thiès galimoto yanu ikafika yotentha mudzadikirabe matambula atatu, ndipo musayerekeze kumufulumizitsa. Koma mukadzabwera kubwalo Loweruka, dzayang'aneni kumashedi Tening akakhala m'njira. Ketulo imakhala pambali, mbaula yosayatsa. Pakhomo pamaima nkhalamba yovala nsapato imodzi, ikudumphadumpha chifukwa phula la masana limaotcha. Anthu amaiuza kuti ivale, galimoto ilibe vuto chaka chonse chino. Imayankha kuti mwana akadzanena kanthu, siifuna kudzachedwanso ndi zingwe za nsapato.